Mwala wa Aroma pa Khoma la a Tijani

A Tijani ankameta anthu m'kanyumba kopanikizika pakati pa mzikiti ndi msika wa nkhosa, m'tauni yathu ya kumapiri a ku Tunisia. Lumo analilandira kwa bambo awo ali mnyamata, ndipo kumeta ankatha ndithu, koma luso lawo lenileni linali pakamwa. Munthu akakhala pampando, thovu lili kumasaya, lumo lili pakhosi, ndiye ankayamba nkhani ya mwala wawo. Ungadzuke bwanji?

Mwalawo unali m'khoma la kanyumbako, mbali ya kumsewu, wautali ngati munthu atagona. Agogo awo anautola kumunda pomanga, monga ankachitira aliyense kalelo. Unali ndi zilembo zogoba za Aroma, ndi kamutu ka ng'ombe kothyoka nyanga imodzi. A Tijani sankatha kuwerenga zilembozo, koma zimenezo sizinkawaletsa kumasulira. Ukameta Lolemba, anali manda a mkulu wa asilikali. Ukabwera Loweruka, mkulu uja wasanduka mfumukazi.

Chinkawawawa kwambiri ndi tauni ya kutsidya kwa chigwa. Kumeneko kuli chipata cha Aroma choimirira bwinobwino, ndipo mabasi a alendo amaima, anthu n'kumajambula, kudya, kugula mafuta a azitona. Kwathu mabasiwo ankangotisiyira fumbi.

Kenaka khonsolo inati ikukulitsa msewu kuti malole azifika kumsika, ndipo pachitseko cha a Tijani anapakapo chizindikiro chofiira chosonyeza kuti kanyumbako kagwetsedwa. Populumukira panali pamodzi pokha: a ofesi yosamala zinthu zakale anene kuti khomalo lisakhudzidwe. A Tijani anayenda ku ofesiko mpaka nsapato kutha zidendene. Uyu ali kumsonkhano, uyo wapita kumaliro, mubwere Ramadhani ikatha. Ndevu za anthu m'tauni zinakula. Potsiriza anawauza kuti Lachinayi kubwera mayi wina kudzaona mwalawo ndi maso ake.

Mlungu umenewo a Tijani anapita kumudzi kwa mchemwali wawo kukatenga nkhosa, poti mlendo wa boma sungamupatse kusikusi, chakudya chathu cha tirigu, wa masamba okhaokha. Anakagona komweko. Makiyi anasiyira akazi awo, a Mabrouka, ndi mawu akuti pamalopo paoneke bwino.

Tsono kwathu mlendo wolemekezeka salandiridwa pakhoma lakuda. Kukhale ukwati, chikondwerero cha Idi, kaya munthu akuchokera ku ulendo wachipembedzo wa Haji, timapaka njereza. A Mabrouka anaitana mlongo wawo Lazhar, mmisiri womanga nyumba, munthu woti akaona kabowo pakhoma sapeza mtendere. Lazhar atayang'ana mwalawo anangoona timaenje ndi zokandakanda. Kamutu ka ng'ombe anakasema chifukwa kanali kotundumuka. Anamata simenti, anasalaza, njereza pamwamba, chitseko n'kuchipaka utoto wabuluu.

A Tijani atatsika galimoto, chingwe cha nkhosa chili m'manja, anapitirira kanyumba kawo osakazindikira. Anabwerera, n'kuyamba kupapasa khomalo ndi manja onse awiri.

"Alamu, mwala uli kuti?"

"Uli momwemo, alamu, ukupuma," anatero Lazhar akupukuta manja. "Zaka zonsezi mukusalaza masaya a anthu, khoma lanu lili zipserazipsera. Ndakuchotserani manyazi."

A Tijani anatembenukira akazi awo, koma a Mabrouka anali okonzeka kale. Anafunsa ngati amafuna mayi wa boma akanene ku likulu kuti mkazi wa wometa ndi waulesi. Kodi si a Tijani omwe anati paoneke bwino? Nanga apa sipakuoneka bwino?

Mayi uja anafika pa nthawi yake, chinthu chomwe boma silinatichitirepo. Anakanda khomalo ndi kiyi, kenaka ndi kampeni. Pomwe simenti inachoka, inachoka ndi khungu la mwala lomwe. A Tijani, thukuta lili kamukamu, ankalozera ndi chala pakhoma loyeralo: apa panali chilembo chonga makwerero, apa ng'ombe, apa dzina la mfumukazi. Anaitana anthu omwe anawameta moyo wawo wonse kuti achitire umboni. Wina anati inali mbuzi. Wina analumbira kuti unali mkango. Wogulitsa nsomba anavomera kuti iye ankatsinzina nkhaniyo ikangoyamba, ndipo mwalawo sanauyang'anepo chibadwire.

"Bambo, ine ndingateteze chokhacho chimene ndachiona," anatero mayiyo akubweza kampeni m'chikwama. "Apa ndaona khoma losalala bwino."

Lazhar anagwira pamtima n'kuthokoza.

Nkhosa inadyedwa ndithu, poti inali itaphedwa kale. A Tijani sanalaweko. Chimakina cha khonsolo chinafika azitona asanapse, ndipo mwala uja anaukweza pa lole pamodzi ndi njerwa zophwanyika, kukakwirira dzenje la pamlatho. A Tijani analitsatira lolelo wapansi mpaka pokhota, akutukwana Lazhar, khonsolo, ndi Aroma omwe, anthu opanda nzeru olemba zinthu zofunika pamalo poti mlamu wa munthu angafikepo.