Madzi amene apongozi anawonjezera m'ndowa

Linali Lachitatu m'mawa, sabata yachiwiri chigwereni nyumba yathu, pamene mkazi wanga Agnesi anapita kuchimbudzi katatu dzuwa lisanakwere. Ulendo wachinayi sanafikeko. Zimene zinkatuluka zinali zoyera ngati madzi otsukira mpunga, ndipo posakhalitsa anayamba kusanza. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, mimba yathu yoyamba.

Ine kwathu n'ku Nsanama, koma ndinakwatira kwa Kalembo, ndiye kuti kuno ndine mkamwini. Madzi atasefukira mu Febuluwale, mudzi wonse tinathawira kutchalitchi cha pamtunda. Mjigo unamira, zimbudzi zinagumukira m'madzi omwewo, ndipo potunga panatsala kudambo basi. Alangizi a zaumoyo anali asanafike ndi kolorini chifukwa msewu unaduka. Ndinkachita zimene ndinkadziwa: kusefa madziwo pa nsalu yoyera, kuwasiya adikhe, kuwawiritsa mpaka abwadamuke, kenako kuwavundikira m'ndowa. Nkhuni zonse zinali zonyowa, moti ndinawaza chitseko cha nyumba yanga yomwe ndi mitengo ya denga n'kumaumitsa pakhonde la tchalitchi.

Apongozi anga, mayi ake a Agnesi, ankati madzi owiritsa ndi akufa, amanunkha utsi, sapha ludzu. Tsiku lina ndinawaona ndi maso angawa akutenga madzi ozizira a kudambo, osawiritsa, n'kuthira m'ndowa muja kuti apole msanga. Ngati madzi osamba! Ndinangotsokomola n'kuyang'ana kumbali. Mkamwini sadzudzula apongozi, ngakhale kuwayang'ana kumaso sayenera. Kuuza Agnesi ndinaopa, zikanamveka ngati ndikuti mayi ake akutilodza. Ndinkangotaya madziwo mobisa n'kuwiritsa ena, koma ndikapita kukatunga, ndowayo ankailondera ndani? Uchitsiru umenewo ine ndinkautcha ulemu.

Agnesi atayamba kudwala ndinati tipite kuchipatala. Apongozi anati iyayi, awa si matenda a kuchipatala, mwamunayu wayenda ndi mkazi wina, wamusempha mwana wawo. Ine! Munthu wogona pa benchi pamaso pa mudzi wonse, ndikanayenda ndi ndani, nthawi yanji? Anakakumba mizu, n'kuiviika m'madzi a kudambo omwe aja, n'kumumwetsa. Azimayi anandizungulira kuti ndiulule. M'mawa wonse unathera pa mlandu wopanda mutu. Pofika masana maso a Agnesi anali atalowa m'kati, miyendo ikukokana, mawu atasasa, ndipo khungu ukalitsina silinkabwerera. Pamenepo ndinasiya kupempha. Ndinamukweza panjinga, n'kumumangirira ndi chitenje, n'kuyamba kukankha m'matope, apongozi akulalata kumbuyo kuti ndikuba mwana wawo.

Tinafika dzuwa litapendeka. Odwala kolera ankagonekedwa m'tenti kuseri kwa chipatala. Polowa tinaponda m'beseni la kolorini ndi kusamba m'manja. Mabedi ake ndi obowola pakati, pansi pake ndowa, ina pambali yosanziramo. Namwino anavutika kupeza mtsempha, anaupeza ulendo wachitatu, ndipo anamuika madzi mikono yonse iwiri. Anandifunsa kuti wayamba nthawi yanji. Nditayankha anati, "Bambo, munali kuti tsiku lonseli? Kolera amapha m'maola ochepa."

Ntchito yanga inali kumumwetsa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono. Akasanza ndinkadikira kanthawi n'kuyambiranso, ndipo botolo la madzi olowa m'mitsempha likatsala pang'ono kutha ndinkaitana anamwino. Kupatula apo kunali kungodikira, kuyang'ana madontho akutsika. Bedi loyandikana nafe linasintha anthu kawiri, ndipo mmodzi sanatuluke ndi miyendo yake.

Lachinayi kutsegula kunachepa. Lachisanu Agnesi anakodza koyamba, namwino anati n'chizindikiro chabwino, impso zayambanso ntchito. Sindinkadziwa kuti munthu angasangalale ndi mkodzo. Koma tsiku lomwelo Agnesi anati mwana sakumumva kusuntha. Dokotala anamvetsera pamimba nthawi yaitali, kenako anati, "Mayiwa tawapulumutsa, koma mwana anatisiya pamene madzi anatha m'thupi mwawo." Loweruka anabereka mwana wakufa kale.

Mwambo wa kuno umati mwana wotere ndi mtayo. Amakaika azimayi okha, amuna sapitako, ndipo salira. Amene anamunyamula ndi apongozi omwewo, ndi manja omwe aja anathira madzi m'ndowa. Sanandiuze ngakhale kuti anali wamwamuna kapena wamkazi.

Anatitulutsa patatha masiku asanu ndi atatu. Agnesi ankayenda mogwira khoma, ndipo kwa milungu ingapo ankangotha phala. Atapeza mphamvu ndinamuuza zonse zimene ndinaona pa ndowa paja. Anakhala masiku osandilankhula, ndipo sindimuimba mlandu. Apongozi mpaka lero sanapepese, amati chinali chifuniro cha Mulungu. Amandinyansa mawu amenewo. Mulungu sanatunge madzi kudambo.

Pano papita chaka ndi miyezi. Agnesi ali bwino, akulima, ndipo ali ndi pakati pena. Tinamanga pamtunda. Mjigo anaukonza, komabe madzi akumwa timathira kolorini monga anatiphunzitsira alangizi, n'kudikira theka la ola. Akasowa timawiritsa. Ndowa yathu ili ndi chivundikiro ndi kampopi, palibe woviikamo kapu.

Inu amene madzi adzakuthamangitseni m'nyumba, dziwani kuti madzi ooneka oyera si ndiye kuti ndi abwino. Owiritsa musawasakanize ndi osawiritsa, ngakhale kapu imodzi, asiyeni apole okha. Munthu akangoyamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi, mumwetseni madzi abwino a mchere ndi shuga muli panjira yopita kuchipatala, makamaka ngati ali woyembekezera. Milandu mudzakamba pobwera. Agnesi ali moyo chifukwa tinafika, ndipo tikanafika m'mawa mwina tikanabwerako atatu.

Mwezi watha apongozi anabwera ndi chikho cha madzi a mumtsuko mwawo kuti apatse Agnesi. Ndinachilanda m'manja mwawo ndikuwayang'ana kumaso, n'kukhuthulira madziwo pansi. Tsopano pamudzi pano amanditcha mkamwini wamwano. Anene mpaka atope. Mkamwini waulemu uja ali ndi mwana m'nthaka, ndipo sadziwa ndi pamene anagona.