Zilembo Zathu M'njerwa za Sukulu ya kwa Chapananga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, kapena kupitirirapo, chifukwa kwathu kunalibe wosunga masiku obadwa, pamene ophunzira a ku yunivesite anafika kwathu kwa Chapananga. Inali nthawi ya chipani chimodzi, m'chilimwe, mtsinje wa Mwanza utasanduka mchenga wokhawokha. Ine m'kalasi ndinali ndisanapondemo. Ndinkaweta mbuzi za bambo, ndipo mnzanga Zuze, amene makolo ake anachokera ku Mozambiki, ankaweta ng'ombe za kwawo.

Alendowo anali anyamata ndi atsikana a mayiko ena amene ankaphunzira kuno ku Malawi. Pa tchuthi, m'malo mopita kwawo, anadzipereka kudzamanga chipinda pasukulu ya m'mudzi mwathu, pomwe ana ankaphunzirira pansi pa mtengo wa bwemba. Wowatsogolera anali mnyamata wa ku Lesotho, wophunzira za ulimi, amene ife tinkamutchula kuti a Tabo. Anatipeza tikumwetsa ziweto pachitsime chofukula mumchenga.

"Inu anyamata, sukulu ayi?" anafunsa m'Chichewa chawo chodukaduka.

"Sukulu yathu ndi iyi, achimwene," anatero Zuze akuloza ng'ombe. "Ana ake ali ndi michira."

A Tabo anaseka, kenako anatiuza kuti nawonso anaweta nkhosa m'mapiri a kwawo mpaka mawu atayamba kukula, ndipo anayamba sukulu pakati pa ana owalekeza m'chiuno. Atatero ananena mawu amene andivuta moyo wanga wonse: "Aliyense woumba njerwa adzakhala m'kalasi imeneyi. Ndalonjeza ine."

Zuze sanafune. Bambo ake anali munthu wa chikoti, wosamva za sukulu. Ndine ndinamukakamira kuti azisiya ng'ombe ndi mng'ono wake, mpaka analola.

Ntchito inali yowawa. Tinkagumula chulu, kusenza madzi kuchokera kumtsinje, ndi kuponda dothi mpaka miyendo kuuma ngati ya nkhuni. Dzuwa la kwathu kuno silinyengerera munthu. Koma tikangokhuthula njerwa m'chikombole, a Tabo ankatipatsa kamtengo kuti aliyense alembe pa njerwa yaiwisiyo. Sileti yathu inali imeneyo. Ine Lapukeni ndinayamba ndi L, chilembo chosavuta ngati mpini wa khasu. Zuze anavutika ndi Z wake.

"Chilembo changachi chikuyenda ngati baba akuchokera ku kachasu," anatero, ndipo tonse tinagwa ndi phwete.

Pang'onopang'ono tinafika polemba dzina lathunthu. Masiku ena Zuze ankabwera msana uli mikwingwirima yokhayokha. Ndikamufunsa ankangoti, "Nyatwa, m'bale, mavuto enieni, koma ikadzatha nyumbayi baba adzaleka." Tinadula mitengo ya tsanya, tinawotcha uvuni, ndipo njerwa zinatuluka zofiira, mayina athu atauma gwa, osafufutika ndi chala kapena mvula. Chipupa chitakwera, tinkachizungulira madzulo aliyense akusaka lake. La Zuze linali pafupi ndi khomo. Ankaligwira ngati akusisita thole.

Kutatsala pang'ono kuti chipinda chitsegulidwe, a tcheyamani a chipani a m'dera lathu analamula kuti chipupa chonse achimate pulasitala ndi kuchipaka laimu. Anati kukubwera bwana wa ku boma, ndipo sangaonetsedwe zokalakala za abusa a mbuzi. A Tabo anatitonthoza kuti mayina akadali momwemo, chachikulu ndi benchi.

Tsiku lolembetsa ana ndinasamba ndi mwala mpaka khungu kuwawa. Ndinabwereka malaya a achimwene anga. Tinaima pamzere, ife akuluakulu kumbuyo. Ana aang'ono ahedi ankawayesa powauza kuti adutsitse mkono pamutu n'kugwira khutu la mbali ina, wolikhudza ankalowa. Titafika ife, a tcheyamani anadzuka pampando, ayufi a malaya ofiira ali kumbuyo kwawo.

"Awa mayeso awo ndi ena," anatero. "Vulani malaya. Kwezani manja m'mwamba."

Tinakweza, pamaso pa amayi athu, pamaso pa atsikana amene tinkakumana nawo kuchitsime. Mnyamata wa yufi anayenda pamzere akusuzumira m'khwapa mwathu ngati wogula mbuzi pamsika. Ena mwa anthu anaseka. Kuseka kumeneko ndimakumvabe.

"Mwaona tsitsilo? Awa ndi madoda. Malo awo ndi pamzere wa khadi la chipani ndi wa msonkho, osati pabenchi la ana," anatero a tcheyamani.

A Tabo anadutsa pakati pa anthu, nkhope itachita mdima. "Bambo tcheyamani, njerwa izi aumba ndi iwowa. Ine ndinawalonjeza."

"Munawalonjeza monga ndani?" anafunsa a tcheyamani mosakweza mawu. "Achimwene, inu ndinu mlendo m'dziko muno. Mukufuna kumaliza maphunziro anu, kapena mukufuna tikakutuleni kumalire mawa lomwe lino?"

Ndinawayang'ana a Tabo. Ndinkayembekeza kuti ayankha, chifukwa kwa ine munthu wa ku yunivesite sakanasowa mawu. Mnzawo wina anawakoka malaya. A Tabo anangoyang'ana pansi. Ahedi nawo anali kalikiliki kufunafuna chinachake patebulo. Ife tinatola malaya athu m'fumbi, ana akuyamba kuimba nyimbo yolandira bwana m'chipinda chathu.

Lole itabwera kudzawatenga, a Tabo anandifunafuna mpaka anandipeza kubusa. Anatambasula dzanja, maso ali ofiira. Ine langa ndinalibisa kumbuyo.

Zuze bambo ake sanamumenyenso. Anangomuseka, ndipo kumeneko kunamupweteka koposa chikoti. Popeza tinali titalengezedwa pagulu kuti ndife madoda, otolera msonkho anayamba kutisaka. Iye anathawira ku Nchalo kukadula nzimbe. Ndinakumana naye patapita zaka, ndipo ndinaona akudinda chala papepala, munthu woti dzina lake ankalidziwa kulemba. Nditamufunsa anati, "Cholembera ndi cha ana, m'bale. Ife si madoda?" Anamwalira asanachigwire. Ine ndinadzalowa sukulu ya akuluakulu ndili kale ndi ana atatu, ndipo tsiku lililonse pambali panga pankakhala malo a munthu amene ndinamuchotsa ku ng'ombe zake.

Zaka zambiri mkwiyo wanga unali pa a Tabo. Lero ndikudziwa kuti nawonso anali mwana, kutali ndi kwawo, m'dziko limene munthu ankatha kusowa chifukwa cha liwu limodzi. Cholakwa chawo chinali kulonjeza chipinda asanafunse kuti kiyi adzasunga ndani. Koma mkwiyowo sunathe ayi, unangopeza eni ake. A tcheyamani sanachokere kunja. Anali munthu wa kwathu, womwa madzi a chitsime chomwecho. Ahedi, ayufi aja, ndi onse amene anaseka, anali anthu otidziwa mayina. Mlendo anawoloka mayiko kudzatiphunzitsa kulemba, abale athu n'kutivula malaya pakhomo. Zimenezi sindinazikhululuke, ndipo musandiuze kuti inali nthawi yake. Nthawi sisuzumira m'khwapa mwa mwana. Amasuzumira ndi munthu.

Masiku ano ophunzira a kunja amabwerabe kwathu kudzathandiza achinyamata. Ndimawalandira ndi manja awiri, koma asanatsitse zikwama ndimawafunsa kuti akadzapita, pakhomo padzaima ndani.

Chipinda chija chikadalipo. Pulasitala wa a tcheyamani anayoyoka kalekale, ndipo mayina athu atulukiranso. Mdzukulu wanga amaphunzira momwemo. Tsiku lina anandifunsa kuti Zuze wa pafupi ndi khomoyo anali wa kalasi yanji. Ndinamuuza kuti anali womanga sukuluyo, ndipo anafika pomwe pali dzina lakelo basi.