Chipere Changa ndi Mabuleki a Lole ya Abambo

Ndikukumbukira chipere chimene chinandimera pamutu chaka chimene achemwali anga a Rozina anakwatiwa. Tinkakhala ku malaini a esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo abambo anali dalaivala wa lole yonyamula masamba a tiyi kuchokera m'minda kupita ku fakitale. Lole ija ankaisamala kuposa ife ana awo. Sindikunena mwa nsanje, ndikungonena zimene ndinaona. Ife tikakhosomola ankati chidzatha chokha, koma lole ikakhosomola sankadya.

Kuseri kwa chitseko chathu kunkakhala chitini cha mafuta a mabuleki, chotseka zolimba. Abambo ankati mafuta amenewo amadana ndi madzi, moti ngakhale chinyontho cha chiperoni, nkhungu yathu ija yonyowetsa zovala popanda mvula, sichiyenera kuwakhudza. Koma ku malaini konse kunkadziwika kuti mafuta omwewo ndi mankhwala a zipere. Azakhali anga a Esinala, alongo awo a abambo, ataona mutu wanga anagwira pakamwa. Ine ndiye ndinasankhidwa kuyenda patsogolo pa mkwatibwi ndi maluwa, tsono mwana wa chipere angayende bwanji patsogolo? Abambo akangochoka m'mawa, azakhali ankatsegula chitini, kuviika nthenga ya nkhuku ndi kundipaka. Zinkaotcha ngati tsabola. Amayi ena atamva anayamba kubwera ndi ana awo, ena ndi timabotolo, ndipo azakhali anasanduka dokotala wa malaini onse. Chitini chitapepuka, anathiramo madzi kuti mwini wake asazindikire.

Ukwati unali wa Loweruka, ku tchalitchi cha kumunsi, njira ya ku Masambanjati. Kuti ukafikeko unkatsika mtunda wautali wokhotakhota, ndipo pansi pake panali kamlatho kopapatiza. Akuluakulu a esiteti analola abambo kunyamula akazi ndi mkwatibwi pa lole akatha ntchito ya m'mawa. Amuna onse analawirira wapansi ndi mbuzi ndi madengu a ufa. Dzulo lake abambo anali atawonjezera mafuta m'mabuleki kuchokera m'chitini chija, osadziwa kanthu.

M'mawa wa Loweruka anabwerera kunyumba nkhope ili gwaa, kutsogolo kwa lole kuli masamba a tiyi ndi matope. Potsika ndi katundu, chopondera cha buleki chinangomira mpaka pansi, ndipo anaimitsa lole poikhotetsera m'munda wa tiyi. Anatenga chitini, kuthira pang'ono m'mbale, kununkhiza, kupekesa ndi zala. Kenako anayang'ana mutu wanga, umene unali kunyezimira padzuwa.

Azakhali sanadikire kufunsidwa. "Achimwene, madzi ake anali oyera, a pakasupe. Si a m'chithaphwi ayi."

Safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo phula tikanadya ndife tonse. Chovuta chinali chakuti lole itazizira, buleki inayambanso kugwira. Amayi ena anaona abambo akuyesa, ndipo anaimba nthungululu, nayamba kukwera ndi mikeka yawo. Abambo anawatsitsa onse. Anati madzi ali m'mapaipi adzawira mabuleki akatentha, ndipo adzawira pakati pa mtunda, osati pabwalo pano. Ena anati m'busa akudikira, ena anati akuchimuna aganiza kuti tathawa. Achemwali anakhala pampando pakhonde atavala zoyera, misozi ili mbwembwembwe. Abambo anangoti, "Mwana wanga akafike mochedwa, koma akafike." Atatero anauyamba wa ku galaja kukatenga chitini chatsopano chosatsegula.

Kuchotsa mafuta oipa m'mabuleki ndi ntchito ya anthu awiri: wina pansi pa lole, wina kuponda. Wothandiza abambo anali atapita ndi amuna anzake. Akazi onse anakana kukhala pampando wa dalaivala, poopa kuti lole ingathawe nawo. Abambo anandiloza ine. Anati mutu wanga ndi umene unamwa mafuta, ndiye miyendo yanga ibweze. Anthu anaseka, ine sindinaseke. Ndinaona achemwali akulira ndipo mumtima ndinati, ngakhale mwendo uthyoke, lole iyi itsika lero.

Anandivula diresi la ukwati n'kundiveka chovala changa chakale cha zigamba. Miyendo inali yaifupi, choncho sindinakhale pampando ayi. Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, msana n'kuutsamiritsa kumphepete kwa mpando, n'kuika mapazi onse pa chopondera. M'katimo munkanunkha dizilo, fodya ndi masamba a tiyi ofota. Abambo anayamba ndi kupopa mafuta akale m'kathanki kake n'kuthiramo atsopano. Kenako anagona chagada m'matope ofiira pa tayala lakumbuyo, ali ndi sipanala, kapaipi ka labala ndi botolo. Anandilangiza kamodzi kokha: akati ponda ndiponde, akati gwira ndisasunthe, ndipo ndisasiye iwo asananene, chifukwa ndikasiya msanga mpweya ubwerera m'mapaipi ndipo tiyambiranso.

"Ponda! Ponda! Gwira!"

Ndikagwira, iwo ankamasula kanati kakang'ono ka kuseri kwa tayala, chopondera n'kumira pansi pa mapazi anga, mafuta n'kutsikira m'botolo. Akamanga kanati ankati siya. Nthawi ndi nthawi ankadzuka kukawonjezera mafuta m'kathanki kuti kasaume. Poyamba ndinkaona ngati masewera. Titafika pa tayala lachiwiri ntchafu zinayamba kutentha, pa lachitatu zinkanjenjemera zokha ngati za mwana wa mbuzi wongobadwa kumene. Thukuta linkatsikira pa chipere n'kumaluma, koma dzanja lokandira ndinalibe. Apo ndi pomwe phazi linaterereka ndisanauzidwe. Ndinamva abambo akupuma mozama pansi pa lole. Sanandikalipire. Anangoti tayala limenelo tiyambirenso.

Ndinalira, koma mapazi sindinachotse. Azakhali anakwera pakhomo la lole n'kuyamba kundikupiza ndi mpango wawo, akung'ung'udza kuti mankhwala awo anagwira ntchito ndithu, taonani chipere chauma. Amayi anga anabwera n'kuika dzanja pa bondo langa kuti lisagwedezeke. Kunjako nyimbo za ukwati zinali zitatha, anthu anangozungulira botolo lija. Mafuta oyamba anali otuwa, a thovu. Pang'ono ndi pang'ono thovu linachepa, ndipo pa tayala lomaliza anatuluka oyera, opanda kathovu ngakhale kamodzi. Nditapondanso, chopondera chinakana. Chinalimba ngati ndaponda chitsa.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Abambo anasamba m'manja mokha, matope a kumsana anapita nawo ku ukwati. Ine anandikhazika kutsogolo pakati pa iwo ndi achemwali. Lole inatsika pang'onopang'ono ikubuula, kumbuyo amayi akuimba, mizere ya tiyi ikudutsa mbali zonse. Fungo la mabuleki otentha linayamba kulowa m'kati, ndipo maso anga sanachoke pa phazi la abambo. Titakhota komaliza, pa kamlatho paja panali ngolo ya nkhuni itathyoka gudumu, ng'ombe zili chiimire, malo olambalala palibe. Abambo anaponda. Lole inagwedezeka, nyimbo inaduka, ndipo tinaima ng'ombe zikutiyang'ana m'maso. Kumanzere kwathu kunali phompho ndi mtsinje pansi pake.

Abambo anachotsa dzanja pa chiwongolero, n'kuliika pamutu panga, pa chipere pomwepo. Mtunda wotsalawo tinamaliza wapansi, achemwali atakwinya diresi lawo. Ndinayenda patsogolo ndi maluwa monga anakonzera, koma miyendo inkapindika yokha, moti anthu a kuchimuna anayamikira kuti mwanayu ndi waulemu, akungogwada njira yonse.

Masiku ano zinthu zinasintha. Zipere zili ndi mankhwala ake kuchipatala, ndipo mdzukulu wanga amene ali ndi galimoto amati ku galaja kuli makina opopa mafuta a mabuleki popanda mwana wolira pa chiwongolero. Koma anthu sanasinthe kwenikweni. Amadikira kuti buleki iyambe yamira ndi pomwe akumbuke kuti mafuta aja amakalamba, ndipo ndimamvabe amayi ena akupempha madalaivala timadontho topaka ana. Ndikawamva ndimavula duku. Chipere chinatha, inde, koma mafuta aja anaotcha khungu, ndipo pamalo pamenepo tsitsi silinamerenso. Achemwali a Rozina anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulutudzi. Nthawi zonse ndikawachezera, ankandivula duku okha, n'kuika chala pa kadazi kaja, kenako n'kuitana ana awo kuti abwere adzaone.