Ndinaphikira Mbewu Anthu Obwera Pamaliro

Ndinalakwitsa ndi manja angawa, ndipo palibe amene anandikakamiza. Inu owerenga, mbewu imene amuna anga anaisunga zaka zambiri ndinaitha tsiku limodzi.

Kwathu ndi ku Makhanga. Malemu amuna anga ankalima mapira. Mapira akayamba kucha, ankayenda m'munda n'kumamanga kansalu pa ngala zina, zina n'kuzidumpha. Zomangazo ankazikolola pazokha n'kuzipachika kudenga, pamene pamafika utsi. Ndinkadabwa ndithu kuti amaonapo chiyani, chifukwa kwa ine ngala zonse zinali zofanana. Koma sindinafunse. Ndinkati ndidzafunsa tsiku lina.

Anamwalira mvula isanayambe, m'nkhokwe mulibe kanthu. Anthu anadzaza pabwalo, ena ochokera kutsidya kwa Ruo. Mchemwali wa malemuwo anandikokera kuseri nati, "Mlamu, anthu abwerere ndi njala pamaliro a achimwene? Nanga zili kudengazo n'zokongoletsa nyumba?" Manyazi anandigwira. Ndinatsitsa ngala zonse, tinapuntha, tinasinja, anthu anadya.

Sindinade nkhawa kwenikweni chifukwa chaka chimenecho tinalandira mbewu ya chimanga. Chinamera bwino, koma chitangomasula dzuwa linaswa milungu ingapo ndipo chinauma chiimirire.

Kenako kunabwera msonkhano wa zaulimi. Alangizi ankati nyengo yasintha, tibwerere ku mapira opirira chilala. Abambo ena ankakana, amati ana masiku ano safuna ufa wofiira. Ena ankati boma litipatse mapampu othirira, ena amati tisamukire kumtunda. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Pamenepo mkulu wina amene ankalima moyandikana nafe analoza ine nati, "Bwanji tikuvutika? Mapira ocha msanga ali kwa mayi awa. Malemu aja ankasankha ngala zoyamba kucha chaka ndi chaka." Anthu onse ananditembenukira. Yankho la funso langa lija ndinalimva tsiku limenelo, kwa munthu wapadera, mbewuyo ili m'mimba mwa anthu.

Chimene chinanditsalira ndi mapesi anayi amene anamera okha pamene tinapunthira paja. Ndinali nditawasiya chabe chifukwa chosowa mphamvu yolambula pabwalo. Ndinawatchingira ndi minga kuopa mbuzi, ndipo anabereka. Mbewu yake inangodzaza kapu imodzi. Pano ndikuichulukitsa pang'onopang'ono, ndipo nane ndimamanga tinsalu. Koma mpaka lero ndimaima m'munda n'kumadzifunsa: kodi ankangoona kucha kokha? Nanga bwanji nthawi zina ankatafuna njere kaye asanamange?

Abale anga, maliro akagwa, pemphani ufa kwa anansi, manyazi amatha. Mbewu musaigwire. Inu amene mumakangana m'misonkhano za chimene tizilima, yambani mwafunsa chimene chili kudenga kwa anthu. Ndipo ngati muli ndi wanu amene amachita kanthu kosamvetsetseka m'munda, mufunseni lero lomwe. Ine wanga sangandiyankhenso.