Masamba pa Ambulansi ya a Malizani

A Malizani Kadzamira akhala akuyendetsa ambulansi ya chipatala china chaching'ono cha kumapiri a Ntchisi kwa zaka khumi ndi zinayi. Ndi munthu wamfupi, wosavula tayi ngakhale mu Okutobala, komanso mkulu wa mpingo. Poyamba ankayendetsa lole yonyamula fodya, ntchito imene inawaphunzitsa kudikira pamzere masiku atatu. Atasamukira pa ambulansi anaganiza kuti kudikira kwatha.

Posakhalitsa anaona kuti sayirini ikalira, aliyense amaimva mwa njira yake. Akabaza amatembenuka kuti aone amene wanyamulidwa. Oyendetsa minibasi amathamangira kutsogolo kwake, poganiza kuti msewu ukutsekukira iwo. Ena onse amakhulupirira kuti m'katimo mulibe wodwala koma matumba a makala a mabwana. Sayiriniyo itafa chaka chatha, pamsewu panalibe chimene chinasintha.

Tsiku lina la msika, m'nyengo yogulitsa fodya, ananyamula Hana, mayi wachichepere amene mwana anamupingasa m'mimba. Namwino Iness anakhala naye kumbuyo, atanena mosapsatira kuti akapanda kufika kuchipatala cha ku boma dzuwa lisanafike pamutu, ataya onse awiri.

Pa msika wa Malomo msewu unali utatsekeka. Malole awiri a fodya anayang'anizana, minibasi zinaima mopingasa, ndipo ogulitsa kaunjika anayala katundu mpaka m'njira ya matayala. A Malizani analiza hutala. Isake, woyendetsa minibasi imene inawatsekera, anatulutsa mutu pawindo.

"Madala, nafenso tanyamula odwala. Kondakitala wangayu akudwala njala chidzukire!"

"Mwana wanga, muno muli mayi woyembekezera."

"Ndiye ayembekezere, madala. Tonse tikuyembekezera."

A Malizani anatsika, nathyola nthambi ziwiri za mtengo wa m'mbali mwa msewu, n'kuzimangirira kutsogolo kwa ambulansi monga amachitira pa galimoto yonyamula maliro. Anayatsa mahazadi, nakonza tayi.

Zimene zinachitika zinawachititsa manyazi m'malo mwa anthu akwawo. Mawailesi a m'magolosale anazima. Amuna anavula zipewa, akabaza anatsika panjinga, kaunjika anakokedwa ngati kukubwera mvula. Isake analowetsa minibasi m'ngalande, natsika, naima manja ali kumbuyo. Msewu umene unakanizidwa kwa munthu wopuma unaperekedwa wonse kwa munthu amene ankamuyesa kuti wasiya kupuma.

Koma a Malizani anaiwala kuti maliro sathamanga. Amayi a Chigwirizano khumi ndi awiri, amene ankachokera kozonda wodwala atavala mabulauzi awo oyera, anaona masambawo. Sanafunse kuti wamwalira ndani, pakuti funso limenelo limabwera pambuyo. Anafola kutsogolo kwa galimoto, ndipo mtsogoleri wawo, mayi Debora Chisale, anayambitsa nyimbo ya maliro, yodekha, ya ndime zisanu ndi imodzi. Ambulansi inayamba kuyenda pa liwiro la nyimboyo.

Kumbuyo Hana anabuula mokweza. Mayi wina anagunda pang'ono chitseko ndi chikhatho. "Lirani, mwanawe, lirani. Musazisunge mumtima."

Iness anamenya galasi la pakati. "Bambo Malizani, kodi mukufuna masambawo akhale oona?"

Apa panali povuta. Akaulula bodza pagulu, msewu utsekekanso, ndipo utsekeka ndi mkwiyo. Akakhala chete, Hana sadzaona ndime yachinayi. Anakodola mayi Debora, nawanong'oneza. Mayiwo anasuzumira pawindo, naona namwino atagwira botolo la diripi m'mwamba. Nkhope yawo inauma.

"Inu, mkulu wa mpingo, kunamiza anthu ndi masamba?"

"Mudzanditengera ku bwalo la akulu, mayi. Koma lero ndithandizeni."

Mayi Debora anabwerera pamalo pawo. Nyimbo sanaisiye, chifukwa anadziwa kuti ndi imene ikugwira msewu. Anangoifulumizitsa. Anayamba kuyenda ndawala, kenako anagwira chitenje n'kuyamba kuthamanga, anzawo nawatsatira osadziwa chifukwa, popeza mtsogoleri safunsidwa pakati pa nyimbo. Anthu a pa Malomo anaima zipewa zili m'manja, kuonerera maliro oyamba m'mbiri ya msikawo kudutsa mothamanga, oimba akupuma wefuwefu pakati pa mawu onena za mpumulo wosatha. Atapitirira golosale yomaliza, amayiwo anapatukira kumbali, a Malizani naponda moto.

Hana analowa m'chipinda cha opaleshoni nthawi isanathe. Anatulukamo wamoyo, ali ndi mwana wamkazi.

Chakumadzulo mwamuna wake, Bernado, amene anatsalira kumudzi kuti apeze wosiyira ana, anafika pa kabaza maso ali psuu. Munthu wina wa pamsika, amene anaona Hana akukwezedwa m'mawa, anali ataimba foni kumudzi kuti ambulansi yadutsa ndi masamba. Bernado anaona mkazi wake, anaona mwana, anakhala pansi pakhonde nthawi yaitali. Kenako anafunafuna a Malizani.

"Bambo, ndikuthokoza. Koma kumudzi adzukulu akumba kale. Afika m'chiuno."

Manda okumbidwa sasiyidwa kukamwa. Pakasowa mtembo, amaikamo thunthu la nthochi. M'mawa mwake thunthulo linadulidwa kuseri kwa nyumba ya Bernado. Abusa anakana kubwera, ponena kuti buku la mapemphero lilibe tsamba la nkhani yotere, ndipo achibale anagwirizana kuti mwambowo autsogolere amene anauyambitsa.

A Malizani anaima pamutu pa dzenjelo, nayang'ana nthochiyo, nayang'ananso adzukulu amene ankadikira ndi makasu awo. Anathokoza Mulungu chifukwa cha amene sali m'dzenjemo, nawatchula maina, mayi ndi mwana. Za amene ali m'dzenjemo sananene kanthu, ndipo adzukulu anayamba kukwirira.