Gasi wa a Eneya, Mphuno ya a Esitele

A Eneya Mwale si munthu wofunsa maganizo kwa anzake akafuna kuchita chinthu. Amangoyamba, inu mudzaona zitatha. Kwawo kwenikweni ndi ku Kapondo, koma anakwatira m'mudzi wina kufupi ndi ku Guilleme, ndipo mpaka lero akukhala komweko kwa akazi awo a Esitele. Ndi mkamwini wa imvi, wa zidzukulu, komabe alamu awo sanaleke kuwakumbutsa mwanthabwala kuti dothi limene anamangapo nyumba lili ndi eni ake.

Unyamata wawo wonse unathera ku Kanengo, m'nyumba zosungiramo fodya za kampani ina. Anayamba ndi kukoka mabelo, kenaka anaphunzira kuyendetsa timagalimoto tija ta mafoloko awiri kutsogolo, mapeto ake n'kukhala wotikonza. Timagalimoto timeneto sitimwa petulo ayi. Timabereka silinda ya gasi kumbuyo ngati mwana, chifukwa utsi wa petulo m'nyumba yotseka umakomola anthu. A Eneya anasintha masilinda amenewo mpaka manja ankagwira okha, maso ali kwina. Atapuma ntchito anabwera kumudzi ndi zinthu ziwiri: pikapu yakale yoyera, ndi bokosi la zitsulo zimene kampani inkataya.

Pikapu ija ndi imene inawapatsa mawu m'mudzi wa eni. Mtedza wopita ku boma, wodwala wopita kuchipatala, kwaya ya ku parishi, bokosi la maliro, zonse zinkadikira a Eneya. Pamilandu ankafunsidwa maganizo, pamaliro ankapatsidwa mpando. Iwo ankadziwa bwino kuti ulemu umenewo uli ndi matayala anayi.

Ndiye petulo anasowa. Ku boma mzere wa magalimoto unkachita kukhota, anthu n'kumadyera pomwepo, ena mpaka kuyanika zovala pa zitseko. Wa m'zigubu, wobwera mozemba kuchokera kutsidya kwa malire, analipo, koma wina anali wothira parafini, ndipo pikapu ikamumwa inkatsokomola ngati nkhalamba. Imeneyo inali nyengo yokolola mtedza. Matumba anadzaza m'makonde, mavenda n'kumazungulira m'mudzi ndi masikelo awo, akuseka chifukwa ankadziwa kuti anthu alibe kothawira.

A Eneya anatsegula bokosi lawo la ku Kanengo. Anapita kwa a Hashim, ogulitsa gasi wophikira ku boma, n'kubwera ndi silinda. Anaiwotcherera chikhola cha zitsulo kuseri kwa kabini, kuimanga ndi malamba, kulumikiza paipi mpaka ku injini kudzera pa kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi. Ana ankawaona miyendo yokha itatulukira pansi pa galimoto. Tsiku limene injini inalira ndi gasi, bambowo anayenda chozungulira pikapu manja ali kumbuyo, chifuwa chili patsogolo.

"Tamverani mmene ikuyimbira," anauza anthu amene anasonkhana chapatali. "Utsi mukuuona? Petulo akhale komwe aliko, ife mawa tikupita ku boma."

Mawa linafika, koma sipanabwere ngakhale thumba limodzi. Pofika masana pikapu inali itapatsidwa kale dzina: galimoto ya bomba. Amene ananena poyera anali a Jonasi, mchimwene wawo wa a Esitele, munthu amene chingambwe sichichoka pakamwa.

"Alamu, ife sitikukana nzeru zanu," anatero a Jonasi. "Koma eni ake a nyumba, achemwali athu, akudutsa kutali ndi galimoto yanuyi ngati pali njuchi. Tsiku limene iwo adzakwere, ifenso tidzakwera."

Apo ndiye panali povuta. A Esitele, amene amuna awo amawaitana Nabanda, anaonapo ndi maso awo khitchini ya neba ikupsa ku Lilongwe chifukwa cha gasi, ndipo kuyambira pamenepo ankaphika ndi nkhuni basi. Analamula kuti pikapu izigona pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi nyumba. M'mudzi monse munali abale awo, ndipo onse ankayang'ana mapazi awo. Nyengo ya mtedza ikanatha pikapu ikuyenda yopanda kanthu, a Eneya akanaigulitsa, n'kutsala mkamwini wamba wokhala ndi sipanala m'thumba.

Koma bamboyo sagwa mphwayi msanga. M'mawa uliwonse ankatenga kabeseni ka madzi a sopo, n'kumapaka thovu polumikizira paliponse anthu akuona.

"Gasi akamathawa, thovu limafufuma," ankafotokoza mokweza. "Komanso gasi sabisala. Anamuthira dala fungo la kabichi wowola. Akangotuluka pang'ono chabe, mphuno yakuuza kale."

Ankanena zoona, kungoti panali kanthu kamodzi kamene sankanena. Mphuno yawo inafa kalekale ku Kanengo, fumbi la fodya linaimaliza. Sankamva fungo la mvula, la nyama yowotcha, ngakhale la chimbudzi. Manyazi anawagwira kuyambira pachiyambi, ndipo anaphunzira kubisa. Akaona utsi kukhitchini ankalowa akunena kuti kukununkhira bwino. Pa gasi ankadalira sopo, ndipo sopo amathandiza galimoto itaima. Ikamayenda pa msewu wa mabampu, mlonda ndi mphuno yokha.

Tsiku lina chakum'mawa anabwera kuchokera kwa a Hashim kodzazitsa silinda, n'kuimika pansi pa mango paja. A Esitele anali pa mkeka chapatali akusenda mtedza. Mphepo itatembenuka, manja awo anaima. Fungo analidziwa, linali lomwe lija la kwa neba. Anayang'ana amuna awo: ali chiimire pafupi penipeni ndi silinda, akupukuta galasi, akuimba mluzu nyimbo ya kwaya. Ndipo m'kanjira kochokera kumunda munkabwera a Jonasi, utsi uli tolotolo pakamwa.

Mayiyo sanakuwe. Anadzuka, kukawachingamira achimwene awo m'kanjira momwemo, kuwalanda chingambwe n'kuchipondera m'dothi.

"Mukutsokomola usiku wonse, mudzi wonse osagona," anatero. "Pitani mukaone mbuzi zanu, zalowa m'dimba mwa a Mateyu."

A Jonasi anabwerera akung'ung'udza. A Esitele anayandikira pikapu ija koyamba chiikireni gasi.

"Bambo a Sheila, tsekani silinda."

A Eneya anatseka kaye, kufunsa pambuyo. "Kwagwanji, Nabanda?"

"Simukumva?"

"Ndikumva, kungoti mphepoyi..."

"Mukumva chiyani?"

A Eneya anakoka mpweya mwamphamvu, n'kuyang'ana kukhitchini ngati yankho lichokera kumeneko. Kunalibe utsi.

"Dzana ndinapsereza nyemba," anatero a Esitele pang'onopang'ono. "Nyumba yonse inanunkha mpaka nkhuku zinatuluka. Inu munalowa n'kunena kuti kukununkhira bwino. Ine ndimayesa mukundinyoza."

Bambowo anatsegulanso silinda pang'ono. Anatenga kabeseni kawo n'kukwawira pansi pa galimoto. Polumikizira ponse panali bwinobwino. Koma pakatikati, pamene paipi inkakhudza chitsulo, mabampu anali ataipala mpaka kuboola, ndipo thovu linafufuma pamenepo ngati mowa wamasese. Anatuluka n'kukhala pansi m'fumbi, nsana atatsamira tayala. Anachita mantha, mantha enieni, poganiza kuti pamwamba pa paipi imeneyo pakanakhala kwaya yonse.

"Inafa kale mphunoyi, Nabanda," anatero. "Mwana wathu Sheila asanayambe n'komwe sukulu. Galimotoyi ndiigulitsa."

A Esitele anakwiya, ndipo chisoni chinabwera pamwamba pa mkwiyowo. Anakhala pansi nawonso.

"Ndiye mafuta onunkhira aja munkandigulira pa Khirisimasi, zaka zonsezi ndinkadzolera ndani?"

"Ndinkasankha poona botolo."

"Mwamuna wabodza inu," anatero, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anakhala kanthawi akuyang'ana silinda ija ngati mkazi mnzawo. "Paipi yabwino ilipo?"

"Ilipo kwa a Hashim. Ndingaidutsitse pena, n'kuikulunga ndi labala."

"Kagulenitu. Zogulitsa galimoto mundiuze ine kaye, ili pa dothi langa."

Lachitatu m'mawa a Eneya anapaka sopo wawo monga mwa masiku onse, tsopano paipi yonse kuyambira kumutu mpaka kumchira. Anthu anali m'makonde mwawo akuonerera. Kenaka chitseko cha nyumba chinatseguka. A Esitele anatuluka atavala chitenje cha Amayi Achikatolika, duku lili nga, kachikwama kukhwapa. Anadutsa pabwalo osayang'ana munthu, kutsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala pampando.

"Malamulo ndi awiri," anawauza amuna awo motsitsa mawu. "Wosuta atsale. Ndipo ndikati imani, muziima, osafunsa."

Sipanapite nthawi, matumba anayamba kutuluka m'makonde, ena pamutu, ena pa njinga, ena pa wilibala. A Jonasi anafika ndi awo atatu, n'kusuzumira pawindo.

"Achemwali, mantha aja apita kuti?"

"Alipo. Ndakwera nawo. Fodya wanuyo musiye pa chitsa apo, mudzamupeza madzulo."

Kuyambira tsiku limenelo pikapu ya a Eneya sinayendepo popanda a Esitele kutsogolo. Petulo anabwerera, anasowanso, anabwereranso, iwo ali pa gasi wawo. Madalaivala ena a matola amabwera kudzafunsa kuti awaikire, ndipo a Eneya amawayankha kuti ayambe apeza munthu wokhala naye kutsogolo, madalaivalawo n'kumaseka poyesa nthabwala. Ku boma amayi ogulitsa tomato amaloza banjali kuti chikondi ndiye chimenecho, mpaka ukalamba osasiyana. A Esitele samatsutsa. Kukhitchini kwawo gasi sanalowebe, ndipo akuti sadzalowa.

Ulendo woyamba uja, atangokwera pa tala, mayiyo anagwira mkono wa amuna awo.

"Imani."

A Eneya anaponda buleki, kuzimitsa injini, dzanja lili kale pa chitseko kuti akatseke silinda.

"Khalani pansi, si gasi," anatero a Esitele. Anatsitsa galasi mpaka pansi. "Kuseri kwa nyumba iyo wina akukazinga mtedza, wathira mchere, watsala pang'ono kupsereza. Uko adula bulugama m'mawa womwe uno. Ndimafuna mudziwe."

A Eneya anayang'ana nyumba ija nthawi yaitali, kumbuyo anthu akumenya kabini kufunsa chimene chaonongeka. Analiza injini.

"Kutsogoloku mukamva china mundiuzenso, Nabanda," anatero, n'kulowetsa giya.