Timatabwa Tiwiri ta Amalume

Tinali timatabwa tiwiri tozungulira, kukula kwake ngati chivundikiro cha botolo la vaselini. Amalume anachita kudula ku zotsala za matabwa a mukwa, mbali imodzi n'kupaka utoto wofiira, inayo n'kuisiya yoyera. Mpaka lero ndikamva fungo la vanishi, m'manja mumandiyabwa.

Inali nyengo yozizira, ya kamphepo ka fumbi, kwathu ku komboni ya Kalingalinga. Amalume anali kalipentala, ndipo chaka chimenecho masofa awo ankayenda malonda. Sofa ikatha ankaikweza pa kalole kukaitula ku mayadi, ndiye pankafunika mwana wokhala pamwamba kugwirira makushoni kuti asauluke. Mwana mmodzi basi. Koma ife tinali atatu: ine, mkulu wanga, ndi msuweni wathu wamkazi amene anali atangobwera kuchokera ku Kitwe, maliro a amayi ake atatha. Iyeyu sankalankhula. Chinyanja sankachidziwa, ngakhale Chibemba chakecho ankachiumira, ndipo amayi ankada naye nkhawa kwambiri.

Ine ndi mkulu wanga tinkagwirana m'khosi kulimbirana ulendowo. "Muzapayana pa sofa ya bene!" amayi ankakuwa. Ndiye amalume anaika lamulo loponya timatabwato m'mwamba. Kwa mkulu wanga anati, "Vikagwa vofiira vonse, ni iwe." Kwa ine, "Voyera vonse, ni iwe." Kenako analoza msuweni: "Vikasiyana, ni uyu." Magwedwe atatu, ana atatu. Tonse tinaona kuti chilungamo ndi chimenechi.

Tsiku limene zoyera zinandigwera sindidzaliiwala. Ndinakhala pasofa yatsopano ngati bwana, mphepo ikundiliza misozi, makondakitala a maminibasi akundiimbira mluzu, agalu a kumayadi akuuwa kuseri kwa mageti. Pobwerera amalume anandigulira chitumbuwa chotentha, ndipo ndinachidya pang'onopang'ono kuti anzanga andione nacho.

Koma masiku ambiri, msuweni ndiye ankakwera. Ndinayesa zonse: kulavulira m'manja, kuponya ndi dzanja lamanzere, kupemphera motseka maso zolimba. Akapambana motsatizana ndinkati lero lokha ndi langa, ngati kuti thabwa limakumbuka za dzulo. Nsanje inandipweteka zedi. Ndinakauza amayi kuti mtsikanayu wabwera ndi mankhwala a ku Kitwe, iwo n'kundikwapula ndi nsonga ya chitenje uku akuseka.

Patapita zaka, ku sekondale, aphunzitsi anajambula pabolodi ndalama ziwiri zoponya, ine n'kuseka ndekha m'kalasi. Magwedwe sanali atatu, anali anayi. Kuti zanga zitheke, kathabwa koyamba kankayenera kugwa koyera, kachiwirinso koyera, ndipo theka la theka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Msuweni anali ndi makomo awiri: aka kofiira ako koyera, kapena aka koyera ako kofiira. Kuphatikiza awiriwo, theka lonse la mwayi linali lake. Ndipo wogawa magwedwewo anali amalume, munthu amene sankadula thabwa asanaliyeze kawiri. Sindinawafunsepo.

Chakumapeto kwa nyengo ija, timatabwa tinasiyananso, msuweni n'kukweranso. Ndinatsala pakhonde nditatupa ngati chule. Madzulo kalole kakukhota pakona, tinamva wina akukuwa kumbuyo kwake ndi mawu akuthwa amene sitinkawadziwa: "Chokani mu njila imwe! Ba bwana babwela!" Anali msuweni, ataimirira, tsitsi lili fumbi lokhalokha, akuseka mano onse pamtunda. Amalume anali kutsogolo, akuyang'ana kumbali ngati sakumva.

Amayi anasiya mbale imene ankatsuka, thovu lili m'manja, n'kuyamba kuseka, kuseka, mpaka kusekako kunasanduka kulira. Ndinawakoka chitenje kuwakumbutsa kuti wolandidwa ulendo ndi ineyo. Maso awo sanachoke pa msuweni. Ndinkangodabwa kuti akulirira chiyani, pomwe mwana amene ankamuyang'anayo ndi amene anapambana.